Phunziro 27: Wotsiriza Maphunziro Akaima pa Mphambano

COLINGA CA PHUNZIRO

Tidziwe m'mene mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza maphunziro apamwamba angaganizirenso bwino njira ya moyo wace, ndiponso m'mene makolo ndi acibale angamthandizire.

Poyamba katekista awerenge Luka 14, 28-32, anthu onse ali cete.

1. NKHANI IMENE IRI PAKATI PATHU

Abale okondedwa, kale kuno ku Angónia mwana akakula, njira zinali zowerengeka. Ena amatsala pamudzi, nalima cimanga ndi nyemba, naweta ng'ombe za makolo ao. Ena amatsikira ku Halale ndi ku minda ya fodya ya ku Rhodesia, enanso amalembetsa Wenela kunka ku migodi ya ku Joni. Amene adapambana pa sukulu ya mishoni amakhala mphunzitsi, kalaliki kapena wothandiza m'cipatala, ndipo amakalamba pa nchito yomweyo.

Lero sizitero. Pa Ulongwe pomwepa pali sukulu yosula aphunzitsi, palinso nthambi ya yunivesite ya Zambeze yophunzitsa za ulimi. Ku Tete kuli sukulu yapamwamba yophunzitsa za migodi. Ana athu ena amafika ku Beira, ku Nampula ndi ku Maputo. Kuti mwana mmodzi afike kumeneko, banja lonse limasenza katundu. Amai amagulitsa kacewere ndi kabici pa msika, abambo amagulitsa ng'ombe ya pa ngolo, amalume amatapa m'nkhokwe, ndipo nthawi zina mlongo wace amaleka sukulu kuti ndalama zikwanire mmodzi.

Tsono tsiku limafika, mwana uja nabwera ndi diploma, amai naliza nthungululu. Koma pakapita caka cimodzi kapena ziwiri, timaona acinyamata a mitundu itatu. Woyamba sadapeze nchito: walemba makalata, wadikira mayeso olowera nchito ya boma, koma dzina lace silituluka. Waciwiri nchito adaipeza, koma mtima wace suli pamenepo, pakuti adasankha maphunziro aja cifukwa ndiko kunali malo, kapena cifukwa makolo adatero. Wacitatu zonse zikumuyendera bwino, komabe wayamba kudzifunsa kuti ndalama ndi ulemu zimene akuthamangira zidzamfikitsa kuti.

Onse atatuwa aima pa mphambano. Ena mwa inu akatekumeni ndinu acinyamata otere, ambiri ndinu makolo ao kapena abale ao. Phunziro lino likutiuza kuti kuganiziranso njira ya moyo si chimo ndipo si cinthu camanyazi. Koma kuli ndi malamulo ace, ndipo wowanyoza amadzipweteka yekha, napwetekanso amene adamphunzitsa.

2. MNYAMATA WOPHUNZIRA AMENE ADASINTHA NJIRA

Tonse tidziwa mishoni ya Lifidzi, imene ansembe a Cipani ca Yezu adaiyamba zaka zoposa 100 zapitazo. Mishoniyi imachedwa ndi dzina la Francisco Xavier Woyera. Pa zithunzi timamuona atagwira mtanda, akulalika kwa anthu a maiko akutali. Koma ndi ocepa amene adziwa kuti poyamba iye adali mnyamata wophunzira amene amalinga kwina.

Francisco adabadwa pa 7 Epulo 1506 m'dziko laling'ono la Navarra, pakati pa Espanha ndi França. Atate ace adali nduna yaikulu ya mfumu. Mu 1512 dzikolo lidalandidwa pa nkhondo, mu 1515 atate ace adamwalira, ndipo caka cotsatira nsanja za linga la banja lao zidagumulidwa. Banja lomveka lidasauka. Akulu ace awiri adatsata za nkhondo, koma iye, pokhala mzime, adatumizidwa ku sukulu. Mu 1525, ali ndi zaka 19, adafika ku yunivesite ya Paris. Colinga cace cinali codziwika: aphunzire, apeze udindo wa malipiro abwino m'chalichi lalikulu la ku Pamplona kwao, abweze ulemu wa banja.

Zonse zidayamba bwino. Mu 1530 adatsiriza maphunziro a filozofia, nayamba kuphunzitsa pa koleji ina mu Paris momwemo. Mu 1531 adatumiza mau kwao kupempha zikalata zotsimikiza kuti iye ndi wa mbumba yomveka, pakuti zikalatazo zikadamthandiza kupeza udindo uja.

Koma m'cipinda cimene amagona mudali anzace ena. Mmodzi adali Pedro Fabro, mwana wa alimi, amene paubwana wace amaweta nkhosa m'mapiri. Wina, amene adalowamo mu 1529, adali Inácio de Loyola, munthu wotsimphina, wamkulu kwa Francisco ndi zaka 15. Inácio yemweyo adali atasinthapo njira. Poyamba adali msilikali wofuna kuchuka, koma mu 1521 cipolopolo ca mzinga cidamthyola mwendo pa nkhondo ya ku Pamplona. Ali cigonere adalingalira za moyo wace, ndipo ali ndi zaka 33 adakhala pansi limodzi ndi ana a sukulu ku Barcelona kuyamba kuphunzira Cilatini.

Francisco poyamba samamlabadira munthu ameneyu. Inácio sadamkakamize iai. Ndalama zikamthera amamthandiza, amamtumizira ophunzira kuti kalasi lace lidzaze, ndipo amaceza naye mofatsa za colinga ca moyo wa munthu. Padapita zaka pafupifupi zinai Francisco asanagonje. Pa 15 Ogasiti 1534, pa phiri la Montmartre ku Paris, iye ndi Inácio ndi anzao ena asanu adalumbira kuti adzakhala m'umphawi, adzadzisunga, ndipo adzapita ku Yerusalemu. Mu 1536, akukonzeka kucoka ku Paris, uthenga udafika wakuti a ku Pamplona amsankha pa udindo womwe uja adaufunafuna zaka zambiri. Iye adathokoza, koma adakana.

Tsono taonani cimene cidatsatira. Njira yatsopano ija nayonso idatsekeka. Atafika ku Veneza, zombo za ku Yerusalemu sizidayende cifukwa ca nkhondo ya pakati pa Veneza ndi Aturki. Podikira, Francisco amatumikira odwala m'cipatala, ndipo mu 1537 adadzozedwa unsembe. Pambuyo pace onse adapita ku Roma kukadzipereka kwa Papa Paulo III kuti awatume kumene afuna. Mu 1540 mfumu João III ya ku Portugal idapempha ansembe oti apite ku India. Mmodzi mwa osankhidwa, dzina lace Bobadilla, adadwala, ndipo Francisco adalowa m'malo mwace: adauzidwa lero, nanyamuka m'mawa mwace.

Combo cidacoka ku Lisboa pa 7 Epulo 1541. M'mwezi wa Ogasiti cidakoceza pa Cilumba ca Moçambique, m'dziko lathu lino, ndipo adakhala pamenepo miyezi pafupifupi 6 kudikira mphepo yabwino. Mphunzitsi uja wa ku Paris amasambitsa ndi kudyetsa amalinyero odwala, kufikira iye yemwe adagwidwa ndi malungo. Pa 6 Meyi 1542 adafika ku Goa. Kwa zaka 10 adagwira nchito ku India, ku Malaca, pa zilumba za Molucas ndi ku Japão, kumene adafika mu 1549. Adamwalira pa 3 Disembala 1552, ali ndi zaka 46, pa kacilumba koyang'anana ndi dziko la China.

Mbiri iyi sikutiuza kuti wophunzira aliyense akhale wansembe. Ikutiphunzitsa zinthu zitatu. Coyamba, Francisco sadasinthe njira usiku umodzi: adalingalira zaka. Caciwiri, maphunziro ace sadataike. Luso lophunzitsa limene adalinola ku Paris ndilo adagwiritsa nchito pophunzitsa ana a asodzi a ku India, ndi pothandizana ndi eni dziko kumasulira katekisimu m'cinenero cao. Cacitatu, atapeza colinga ceniceni, sadataye mtima pamene njira zimasintha. Amafuna Yerusalemu, adapezeka ku Roma, natsirizira ku malire a China, koma colinga cidali cimodzi, ndico kutumikira Mulungu ndi anthu.

3. PAMENE NJIRA ITSEKEDWA NDI ZINA

Francisco adasiya udindo mwa kufuna kwace. Koma kawirikawiri mnyamata amasintha njira cifukwa zinthu za m'dziko zamkankha. Mbiri ya dziko lathu iri ndi zitsanzo zace.

Dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, Apwitikizi ambiri amene adali aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki adabwerera kwao, ndipo sukulu zidasowa ophunzitsa. Pa 8 Marici 1977 Prezidenti Samora Machel adasonkhanitsa ophunzira ku Maputo, nawauza kuti makalasi a 10 ndi 11 aimitsidwa. Acinyamatawo adagawidwa: ambiri kukaphunzira uphunzitsi, ena usilikali, ena nchito zina za boma. Amene amalota za udokotala adapezeka ataima patsogolo pa kalasi. Mpaka lero amachedwa Geração 8 de Março, ndiye kuti mbadwo wa pa 8 Marici. Ena adakhala ndi cisoni moyo wao wonse, ena adaikonda nchito imene sadaisankhe, enanso adabwerera ku maphunziro atakula kale.

Pambuyo pace idadza nkhondo. Anthu ambiri a kuno adathawira ku Dedza ndi ku Ncheu, sukulu zambiri zidatsekedwa, ndipo acinyamata adataya zaka kufikira pangano la mtendere lidasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992.

Citsanzo cina nca posacedwapa. Mu 2011 kampani ya Vale idayamba kukumba malasha ku Moatize, ndipo caka comweco kampani ya Rio Tinto idapereka madola a ku America oposa mabiliyoni 3 kugula kampani imene inali ndi mgodi wa Benga. Mbiri ya malasha idamveka ponseponse, ndipo acinyamata ambiri adathamangira maphunziro a za migodi. Koma mtengo wa malasha udatsika. Mu 2014 Rio Tinto idagulitsa migodi yace ya ku Tete ndi madola mamiliyoni 50 okha, ndipo mu 2022 Vale nayo idagulitsa mgodi wace kwa ena.

Tiphunzirepo ici: nchito imene ikuchuka pamene mwana akulowa sukulu ingathe kuzirala pamene akutuluka. Motero mnyamata akasowa nchito, tisafulumire kunena kuti ndi waulesi, ndipo tisaloze cala agogo a pamudzi kuti amlodza. Kawirikawiri cifukwa cimakhala kutali, m'mitengo ya malonda ndi m'thumba la boma.

Pa nthawi yotere pali njira zinai zonyenga zimene ziitana mnyamata. Yoyamba ndi ciphuphu, pamene wina alonjeza kumgulira malo a nchito, kapena auza mtsikana kuti apereke thupi lace. Yaciwiri ndi kupita kwa sing'anga kukafuna mankhwala a mwai. Yacitatu ndi kacasu. Yacinai ndi kuthawira ku Joni usiku, osatsazika, wopanda zikalata. Zonsezi zimadya ndalama ndi zaka, ndipo zimamsiya munthu pa mphambano pomwe paja, ali wosauka koposa kale.

4. MALANGIZO OSANKHIRA BWINO

Inácio de Loyola adalemba kabuku kochedwa Exercícios Espirituais, ndiye kuti zocita zolimbitsa mzimu, kamene Papa Paulo III adakavomereza mu 1548. M'menemo muli malangizo a kasankhidwe ka njira ya moyo. Tiwafotokoze m'mau athu, tiwonjezerepo ndi nzeru ya makolo athu.

Loyamba: yamba ndi colinga. Munthu wanzeru sakwera galimoto kenaka nkufunsa kumene ikupita. Inácio adaona kuti anthu ambiri amayamba asankha udindo kapena cuma, ndipo pambuyo pace ndi pamene amafunafuna pomuika Mulungu. Diploma ndi nchito ziri ngati ngolo, zimangonyamula munthu. Tsono mnyamata ayambe wadzifunsa kuti: Kodi ndifuna kukhala munthu wotani? Ndifuna kuthandiza yani? Nciani cimene ndimacita bwino, cimenenso anthu akucisowa?

Laciwiri: usasinthe njira uli mu mdima. Pali masiku amene mtima umalema, tulo tosabwera, pemphero losakoma, zonse zooneka zopanda pace. Masiku otere si osankhira kanthu. Mlimi sazula cimanga cifukwa ca ng'amba ya masabata awiri. Amene wakalipiridwa ndi mkulu wa pa nchito lero, asalembe kalata yosiya nchito usiku womwewo. Adikire mtima ukhazikike, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Lacitatu: lemba mbali zinai. Tenga pepala, uligawe panai. Lemba ubwino wa kukhala pamene uli ndi kuipa kwace, ubwino wa kucoka ndi kuipa kwace. Tiyerekeze mphunzitsi wacinyamata amene adatumizidwa ku sukulu yakutali, ndipo akufuna kusiya kuti ayambe malonda a kacewere. Akakhala, malipiro ndi ocepa, koma amabwera ngakhale caka ca cilala, ndipo ana a kumudziko ali ndi wowaphunzitsa. Akacoka, angathe kupeza zambiri, koma ayenera kuwerengera mtengo wa mbeu, wa feteleza, wa matumba ndi wa galimoto, ndi kukumbukira kuti pokolola mtengo umatsika pakuti onse akugulitsa. Polemba asadzinamize. Alembenso zifukwa zobisika, monga nsanje pa mnzace amene wagula njinga yamoto, kapena mantha, kapena ulesi. Cifukwa cimene munthu acita naco manyazi kucilemba sicingakhale maziko a moyo wace.

Lacinai: dziyese mlangizi wa mlendo. Ganiza kuti mnyamata wina amene sudamuonepo, koma umfunira zabwino, wabwera kwa iwe ndi nkhani yonga yakoyi. Kodi ungamlangize ciani? Cimene ungamuuze iyeyo, cita comweco. Munthu amaona bwino munda wa mnzace koposa wace.

Lacisanu: yang'ana kucokera ku mapeto. Dziyese wagona pa mphasa tsiku lako lotsiriza, adzukulu atakuzungulira. Kodi pamenepo udzakondwera kuti udasankha njira iti? Zambiri zimene ziwala lero zimacepa zikayang'anidwa kucokera kumeneko.

Lacisanu ndi cimodzi: funsa, ndipo yesa pang'ono. Safunsa adadya phula. Funsa munthu amene wagwira nchito imene ukuifunayo kwa zaka zambiri, akuuze zowawa zace. Funsanso wina amene sadzapindula kanthu pa kusankha kwako. Ngati nkotheka, yesa njira yatsopano usanasiye yakale: lima dimba laling'ono nthawi ya chuthi, thandiza pa cipatala kapena pa shopo ya mmisiri miyezi ingapo.

Lacisanu ndi ciwiri: ukasankha, upereke kwa Mulungu m'pemphero, ndipo ngati mtima ukhala pa mtendere, gwiritsitsa. Mapanga awiri avumbwitsa. Wosintha njira caka ndi caka sakolola konse, pakuti nchito iriyonse imakhala yowawa pa zaka zoyamba.

5. ZIMENE SIZISINTHIKA

Inácio adasiyanitsa zosankha za mitundu iwiri. Zina zingathe kusinthidwa, monga nchito, malonda ndi malo okhala. Zina sizisinthika, monga ukwati woyenera ndi unsembe. Mnyamata amene adakwatira mtsikana wa pamudzi asanapite ku sukulu sangabwere nkunena kuti tsopano wasintha maganizo, mkaziyo ndi wosaphunzira. Mwana amene adabereka ndi wace, ayenera kudya ndi kubvala. Wosintha nchito ayambe waganizira amenewa.

Palinso ngongole ya kwa acibale. Ng'ombe ija idagulitsidwa, mlongo uja adaleka sukulu. Zimenezi sizipatsa banja mphamvu yomanga mwana pa nchito imene ikumdwalitsa mtima, komanso mwanayo sangacite ngati sizidacitike. Ayenera kukhala pansi ndi makolo ndi amalume, nawafotokozera poyera cimene akufuna kucita, cifukwa cace, nthawi imene cidzatenga, ndi m'mene adzathandizire ang'ono ace. Francisco Xavier nayenso sadabise. Mu 1535, atamva kuti kwao kwafika mbiri yoipa ya Inácio, adalembera mkulu wace kalata yofotokoza m'mene munthuyo adamthandizira. Mau oona onenedwa msanga amapweteka pang'ono, koma bodza losungidwa zaka limapasula banja.

6. KHASU SI CILANGO

Pali cinthu cimodzi cimene cimatsekera ana athu njira imene iri pafupi, ndico manyazi a khasu. Manyaziwa ali ndi gwero lace. M'nthawi ya atsamunda anthu adagawidwa pawiri. Ocepa amene adaphunzira Cipwitikizi ndi makhalidwe a azungu amachedwa assimilado, ndipo ambiri mwa enawo amagwidwa kunka ku cibalo. Malamulo amenewa adathetsedwa mu 1961, koma adasiya cipsera m'mitima: kuti wophunzira amakhala pa mpando, ndipo wogwira dothi ndi wotsalira.

Komatu dziko lathu la mapiri, la mvula yabwino ndi mphepo yozizira, ndilo limachedwa nkhokwe ya Tete. Kacewere, nyemba, cimanga, soya ndi ndiwo zamasamba za kuno zimadyedwa ku Tete, ku Beira ndi kutsidya kwa malire. Ndipo ulimi womwewu ukusowa anthu ophunzira. Ukusowa wodziwa kusankha ndi kusunga mbeu yabwino ya kacewere, wozindikira matenda a mbeu asanafalikire, wodziwa kuteteza nthaka ya m'mapiri kuti isakokoloke, wodziwa kuciza ng'ombe. Ukusowanso wodziwa masamu amene angalembe mabuku a bungwe la alimi mokhulupirika, ndi kuyang'anira sikelo kuti ogula asabere amai ace. Mnyamata wocita zimenezi sadataye diploma yace.

Koma tisanamizane. Ulimi umafuna munda, ndalama zoyambira, mphamvu ndi kupirira, ndipo walira mvula walira matope. Si onse aitanidwa ku munda, monganso si onse aitanidwa ku ofesi. Ena adzakhala amisiri, ena amalonda, ena anamwino, ena adzabwerera ku sukulu kukaphunzira zina. Cacikulu ncakuti manyazi asakhale ndiwo osankhira munthu njira.

7. MAU KWA MAKOLO NDI ACIBALE

Inu abambo, amai ndi amalume, mudabvutika, ndipo nkoyenera kuti muyembekezere cithandizo. Koma kumbukirani kuti mwana wobwera pamudzi wopanda nchito ali kale ndi katundu wolemera mumtima. Musamuwonjezere pomuyerekeza ndi mwana wa uje, kapena pomuwerengera ng'ombe zija pa nthawi ya nsima. Acinyamata ena adalowa m'mowa, ena adasowa osabweranso, cifukwa ca mau a pakhomo.

Mwana akabwera nati, “Amalume, ndaganiza zosintha nchito,” musayankhe tsiku lomwelo. Mumvereni kufikira atsirize. Pambuyo pace mfunseni mafunso atatu: Waganiza zimenezi kuyambira liti? Wafunsa yani? Udzadya ciani caka coyamba? Ngati ayankha bwino, mdalitseni, ndipo ngati muli nako, mpatseni kamunda koyambira. Ngati sayankha bwino, muuzeni mwacikondi kuti akaganizenso. Citani monga adacitira Inácio, amene adathandiza Francisco ndi kumdikira zaka zinai osamkakamiza.

Musagulitse munda kuti mulipire ciphuphu. Mwana wamkazi wophunzira amene sadapeze nchito musamkankhire ku ukwati kuti mucotse manyazi pakhomo. Ndipo inu a mphakati, musawasiye acinyamata otere ali okha. Apatseni nchito yoyenera nzeru zao: aphunzitse akuluakulu kuwerenga, athandize ana pa masamu, asunge mabuku a msonkhano. Munthu amene anthu akumfuna sataya mtima msanga, ndipo kawirikawiri ndi pa nchito zazing'ono zotere pamene amazindikira mphatso yace.

MAFUNSO NDI MAYANKHO OLOWEZA

1. Kodi ndi chimo kusintha nchito imene munthu adaiphunzirira?
Iai, si chimo, ngati acita ndi colinga cabwino, ataganiza mofatsa ndi kufunsa nzeru.

2. Nanga munthu ayambe ndi ciani posankha njira ya moyo?
Ayambe ndi colinga, ndico kutumikira Mulungu ndi anthu ndi mphatso zimene adalandira. Nchito ndi ndalama zibwere pambuyo.

3. Ndi nthawi iti imene munthu sayenera kusintha njira?
Pamene ali wokwiya, wamantha kapena wotaya mtima.

4. Ndi zinthu ziti zimene wosintha nchito sangazitaye?
Ukwati wace, ana ace, malumbiro ace ndi udindo wace kwa makolo ndi abale amene adamthandiza.

5. Kodi maphunziro amataika munthu akasintha njira?
Sataika iai. Nzeru imatsata mwini wace kulikonse kumene apita, monga tidaonera pa Francisco Xavier.

6. Nanga makolo acite ciani?
Amvere, afunse, alangize ndi kudikira, osanyoza ndi osakakamiza.

ZOKAMBIRANA M'MAGULU

a) Kodi m'mudzi mwathu timawalankhula bwanji acinyamata ophunzira amene alibe nchito? Mau athu amawalimbikitsa kapena amawathamangitsa?

b) Ndi nchito ziti zimene mudzi wathu ukuzisowa, zimene wophunzira angathe kuzigwira osacoka kwao?

c) Mwa malangizo asanu ndi awiri aja, ndi liti limene liri lobvuta koposa kulitsata? Cifukwa ciani?

NCHITO YA SABATA INO

Acinyamata: aliyense atenge pepala, alembe mbali zinai za cinthu cimene akufuna kusankha, ndipo akalionetse kwa munthu wamkulu mmodzi amene amkhulupirira.

Makolo: aliyense apeze nthawi yokhala pansi ndi mwana wace kapena mphwace, amfunse zimene akulinga pa moyo wace, ndipo amumvere osamdula mau.